Inu omanga mozemba khonsolo, tamverani

Inu eni nyumba, ndi inu amisiri, khalani pansi ndikuuzeni mawu owawa. Khalidwe ili lothira konkire usiku kapena Lamlungu, kuti oyendera a khonsolo asakupezeni, likuika miyoyo ya anthu pachiswe, ndipo miyoyo yakeyo si yanu. Nyumba ikamagwa, mwini wake nthawi zambiri amakhala ali kutali. Amene amatsala pansi pa zibuma ndi ochita lendi, ana awo, ndi aganyu onyamula matumba a simenti.

Mumati chilolezo ndi chipepala chongodyera anthu ndalama. N'zoona kuti maofesi ena amachedwa mpaka munthu kutopa nako kuyendera pulani, ndipo zimenezo n'zoipa. Koma kuchedwa kwa ofesi sikulimbitsa mzati. Pulani ikakhala patebulo, injiniya amaona ngati dothi la pamalopo lingasenze katundu amene mukufuna kulisenzetsa, ngati nyumbayo sikutseka njira ya madzi, ndiponso ngati anthu angapeze potulukira moto utabuka.

Tsiku lofunika kwambiri pa ntchito yonse ndi limene inu mumalizemba. Maziko akumbidwa, zitsulo zalukidwa n'kumangidwa ndi waya, koma konkire isanathiridwe. Woyendera wodziwa ntchito amatsika m'dzenjemo ndi tepi yake. Amayeza kuya kwake, amaponda pansi kuti amve ngati afika pa dothi lolimba, amawerenga zitsulo chimodzichimodzi, n'kuona ngati zakwezedwa pang'ono kuti konkire izikute mbali zonse, chifukwa chitsulo chogona padothi chimachita dzimbiri. Mukangothira, zonse zakwiririka. Palibenso diso limene lidzaone kuti mumzati woyenera zitsulo 6 munaikamo 4 zoonda, kapena kuti thumba limodzi la simenti munalisakaniza ndi mchenga wa matumba awiri. Pulasitala ndi penti zimabisa bwino kwambiri. Konkire imafuna masiku 28 kuti ifike pa mphamvu imene injiniya anawerengera, ndipo masiku oyambirira imafuna kuithirira madzi. Inu sabata isanathe mwachotsa kale mitengo yochirikiza silabu, mwayamba kuunjikapo njerwa. Mukuthamangira kuti?

Amene mukuwonjezera nsanjika pamwamba pa maziko a nyumba yapansi, kumbukirani Rana Plaza. Nyumba imeneyo inali ku Savar, pafupi ndi Dhaka m'dziko la Bangladesh. Inajambulidwa kuti mukhale masitolo ndi maofesi, koma pamwamba anawonjezerapo nsanjika popanda chilolezo, n'kulowetsamo mafakitale osoka zovala ndi majenereta olemera. Pa 23 April 2013 ming'alu inaoneka. Banki ndi masitolo apansi anatseka, koma osoka zovala anauzidwa kuti mawa abwere kuntchito. M'mawa wa pa 24 nyumba yonse ya nsanjika 8 inafafanizika, ndipo anthu 1,134 anafa. Ming'alu inali itachenjeza, koma amene anali ndi mphamvu yotulutsa anthu anasankha kuti makina asaime.

Nanunso oyendera, nkhaniyi sikukuphonyani. Kusaina fomu muli m'galimoto, osatsika n'komwe, chifukwa wina wakupatsani kangachepe, ndi kugulitsa anthu amene simunawaonepo. Siginecha yanu ndi imene mayi wofuna nyumba amadalira, pakuti iye sangaone mkati mwa mzati. Ndipo inu akuluakulu a makhonsolo, musamadikire maliro kuti mukaike chikwangwani choletsa kulowa. Ku Johannesburg, pa 31 August 2023, moto unapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso. Mkati anthu anali atadulamo tizipinda ta matabwa ndi zina zoyaka msanga, njira zothawira zitatsekeka. Mwini wa nyumbayo anali mzinda womwewo umene uli ndi udindo woyendera nyumba za ena.

N'chifukwa chake pali satifiketi yololeza anthu kulowa m'nyumba. Imaperekedwa ntchito ikatha, oyendera ataona mawaya a magetsi, zimbudzi ndi mipope, masitepe ndi makomo. Koma ena mumalowetsa anthu pansi pomwe pamwamba amisiri akugogodabe. Ena mumatenga nyumba ya banja limodzi n'kuidula zipinda mpaka khonde lomwe, khomo lakumbuyo n'kulikhoma loko, mawindo onse zitsulo. Holo yololedwa anthu owerengeka mumaidzaza mpaka pakhomo. Chiwerengero chimenecho sanangochilota. Chimachokera pa kukula kwa makomo ndi nthawi imene anthu angatulukire utsi usanawatsamwitse.

Inu ofuna nyumba ya lendi, paja safunsa anadya phula. Musanapereke ndalama, funsani kuti muone satifiketiyo, ndipo mwini nyumba akayamba kukalipa m'malo moitulutsa, kafuneni kwina. Yendani mpaka kukhomo lachiwiri, mulitsegule nokha. Mukakhala muli kale m'nyumbamo, samalani ndi mng'alu woyenda chopingasa pakhoma kapena pamzati. Lembani ndi pensulo pamene wathera, muikepo ndi deti. Mukaona kuti wapitirira, zitseko zayamba kuuma potseka, kapena tizidutswa ta konkire tikugwa n'kusiya zitsulo poyera, tulutsani ana, dziwitsani anzanu okhala nawo, kenako mukanene kukhonsolo molemba kalata, kope lina musunge.