Dansi yogwirana pa sitima zazing'ono zapanyanja: bwalo, bandi ndi zaka za okwera

Abale anga a kuchigwa kuno, kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka, nkhani ya sitima zapamadzi ife timangoimwetulira. Doko la Nsanje analitsegula mu 2010 ndi ng'oma ndi nthungululu, koma choyandama pamenepo lero ndi mabwato a asodzi ndi namasupuni. Komabe nkhaniyi yatipeza m'nyumba. Ana athu amene ali ku Joni ndi ku UK ayamba kugulira makolo awo opuma pantchito matikiti a ulendo wosangalala wapanyanja, ndipo achinyamata akutumizirana pa WhatsApp zotsatsa za "dance host", munthu wovina ndi alendo pa sitima, ngati apeza mgodi wa golide. Onsewa akuganiza kuti sitima iliyonse ya alendo ili ndi holo yovinira ndiponso anthu amsinkhu wawo.

Maganizo anga ndi akuti, kwa munthu wofuna dansi yogwirana awiriawiri, ija amati ballroom, monga waltz, foxtrot, rumba ndi cha-cha, sitima yaing'ono idzam'patsa anzake ovina nawo koma idzam'mana malo. Ndiye asanalipire aliyense, adziwe kaye kuti bwalo ndi lalikulu bwanji, likuimbiridwa ndi ndani, nanga okwera ndi a zaka zingati.

Tigwirizane kaye pa mawu akuti "yaing'ono", chifukwa amanyenga. Ilala yathu ya pa nyanja ya Malawi ndi yotalika mamita pafupifupi 52. Spirit of Discovery ya kampani ya Saga ya ku Britain, imene anailowetsa m'madzi mu 2019, ndi yotalika mamita 236, imanyamula alendo osakwana 1,000, ndipo anthu a ntchitoyi amaitchula kuti yaing'ono. Amatero poiyerekeza ndi zimphona ngati Icon of the Seas imene imatha kunyamula alendo oposa 7,000. Za Viking zapanyanja zambiri zimanyamula 930. Za Fred. Olsen, monga Balmoral, Bolette ndi Borealis, zili cha m'ma 1,300.

Pa sitima zoterezi imvi ndiye yunifomu, ndipo zifukwa zake si zobisika. Mafuta, malipiro a antchito ndi ndalama za pamadoko zimagawidwa kwa anthu ochepa, choncho mtengo wa usiku umodzi umakwera. Maulendo ake ndi ataliatali, masabata awiri, atatu, ena miyezi itatu kuzungulira dziko. Ndani wapantchito angapatsidwe tchuthi chotero? Zambiri mulibenso zosewerera ana. Makampani ena anachita kuika lamulo: Saga imafuna wokwera akhale wa zaka 50 kupita m'mwamba, womuperekeza asachepere 40, ndipo Viking silola aliyense wosakwana zaka 18. Zotsatira zake, mukalowa m'chipinda chodyera mupeza ambiri ndi opuma pantchito, ndodo zoyendera zitatsamira m'mbali mwa matebulo.

Ena akamva zimenezi amagwa ulesi, amati ndikatani pakati pa agogo. Apa ndiye ndimasiyana nawo. Agogo amenewo ndiwo eni dansiyi. Anaiphunzira ali anyamata ndi atsikana m'maholo a kwawo, monga mmene amayi a ku Nsanje amadziwira utse popanda wowalembera pa bolodi. Mayi wa zaka 75 amene wavina waltz zaka 50 amamva kumene mwamuna akufuna kupita mwamunayo asanasunthe phazi. Sitima yodzaza achinyamata ili ndi phokoso ndi chisangalalo, koma bandi ikaimba foxtrot bwalo limatsala mbee.

Chitsanzo chapafupi ndi Durban. M'nyengo yotentha, cha mu Novembala mpaka Epulo, MSC imayendetsa sitima kuchokera kumeneko, masiku atatu kapena anayi, kupita ku Portuguese Island kufupi ndi Maputo kapena ku Pomene. Kwa ife uwu ndiye ulendo wosavuta kufikira: ndege pa Chileka, kapena basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ndipo Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30. Koma sitimazo ndi zazikulu, za anthu oposa 2,000, mu Disembala muli mabanja ndi ana, ndipo usiku ndi wa DJ. Wofuna amapiano asangalala. Wonyamula nsapato za waltz mwina azivala kamodzi.

Tsopano bwalo, pamene pagona nkhani. Pa sitima zambiri zazing'ono mulibe chipinda chomangidwira dansi yokha. Muli chipinda chochezera, chamipando ndi kapeti, ndipo kutsogolo kwa bandi anasiyako kamalo kozungulira ka matabwa kapena miyala, mwina mamita 5 kapena 6 kudutsa pakati. Nthawi zina pali nsanamira yachitsulo m'mphepete momwe, chifukwa denga la sitima liyenera kugwiridwa. Werengani nokha. Mu slow foxtrot, feather step ndi three step ndi mapazi 6 opita kutsogolo, lililonse masentimita 70 kapena 80. Pamenepo mwayenda mamita oposa 4, chidendene chakodwa kale mu kapeti, ndipo pabwalopo palinso mabanja ena 5. Quickstep ndi Viennese waltz, zimene zimathamanga ndi kudya malo, ingoziiwalani. Holo yeniyeni ili pa Queen Mary 2 ya Cunard, chipinda chotchedwa Queens Room, chokhala ndi bandi yaikulu ndi dansi ya tiyi wamadzulo. Koma imeneyo ndi sitima ya mamita 345 ndi alendo pafupifupi 2,600, si yaing'ono ayi.

Zokwana pa kabwalo kakang'ono ndi zovinira pamalo amodzi: rumba, cha-cha, jive, ndi waltz ya bokosi. Bokosi ndi losavuta. Bambo aponda kutsogolo ndi phazi lamanzere, apita kumbali ndi lamanja, atseka ndi lamanzere; ndiyo 1, 2, 3. Kenako abwerera m'mbuyo ndi lamanja, kumbali ndi lamanzere, atseka ndi lamanja. Mayi amayamba ndi lamanja kubwerera m'mbuyo. Mukamatembenukira kumanzere pang'onopang'ono pa kuwerenga kulikonse, nyimbo yonse itha muli m'malo osaposa mphasa imodzi. Mapazi omwewo mukawawerenga kuti limodzi lochedwa, awiri ofulumira, mwalowa mu rumba yosavuta ya m'maphwando. Amene akufuna kuyenda mozungulira akumbukire kuti bwalo lonse limayenda mosemphana ndi mivi ya wotchi, ofulumira kunja, ochedwa pakati. Wopita chosemphana ndiye amagundanitsa anthu.

Pa sitima za ku Britain muyembekezerenso sequence dancing. Mabanja onse amaponda mapazi ofanana nthawi imodzi, kachigawo ka mabala 16 (timagawo towerengera nyimbo, monga 1, 2, 3 wa waltz) kobwerezabwereza, monga amachitira amayi a kwaya polowa m'tchalitchi. Mayina ake ndi monga Mayfair Quickstep ndi Saunter Together. Ubwino wake ndi wakuti pabwalo laling'ono pamakwana anthu ambiri osagundana. Kuipa kwake, wosadziwa amaonekera patali. Khalani pansi ulendo woyamba, muone mapazi, mulowe kumbuyo kwa banja lodziwa.

Chinthu chimene aphunzitsi a pamtunda saphunzitsa ndi chakuti bwaloli limayenda. Aliyense amene anaimirirapo m'bwato powoloka pa Mtayamoyo kupita ku Makhanga madzi atakwera akudziwa kale mankhwala ake: maondo ofewa, mapazi otalikirana pang'ono, maso patsogolo. Sitima imagwedezeka mitundu iwiri, kupendekera kumbali ndi kudumpha mphuno ndi mchira. Ili ndi zipsepse zachitsulo pansi pa madzi zimene zimachepetsa kupendekera kumbali, koma kudumpha kwa kutsogolo sizikuletsa kwenikweni. Sitima ikachepa, funde limamveka kwambiri. N'chifukwa chake muyenera kufunsa kuti bwalo lili pati. La pakati pa sitima, m'munsi, ndi lodekha. La pamwamba kutsogolo, lija la mawindo okongola amaika pa zithunzi zotsatsa, ndilo limaponya anthu pamipando nyanja ikalusa.

Mu waltz malo oopsa ndi pa 3, pamene mapazi atsekana ndipo nonse mwanyamuka pa zala. Sitima ikapendekera nthawi imeneyo mulibe chogwira. Nyanja ikavuta chepetsani kunyamukako, fupikitsani mapazi, ndipo musatseke mapazi kotheratu. Bambo asamuzungulitse mayi pansi pa mkono sitima ikupita kumbali, adikire ibwerere. Njira za sitima nazonso zimasiyana. Zochokera ku Southampton kupita kumwera zimadutsa Bay of Biscay, malo otchuka ndi mafunde. Kuno kwathu, nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar imavuta kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndipo ife amene tinaona Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 sitifuna wotifotokozera. Mapiritsi oletsa chizungulire cha pamadzi ambiri amagonetsa. Kuwaphatikiza ndi vinyo kenako n'kukwera pabwalo ndi kuitana ngozi, ndipo chipatala cha m'sitima n'cholipira, mtengo wake wowawa.

Nsapato: za dansi zenizeni pansi pake ndi chikopa chofewa chaubweya, chimene chimaterera pang'ono ndi kugwira pang'ono. Za mphira zimamata pansi, thupi likatembenuka phazi limatsala, bondo ndilo limalipira. Zachikopa chosalala zatsopano zimaterera ngati pa dothi lamakande mvula itagwa. Tengani kabulashi kawaya kokandira pansi pa nsapato, chifukwa fumbi ndi zakumwa zotayika zimazisalalitsa. Musatuluke nazo panja pa sitima. Chinyezi chamchere chiziononga usiku umodzi. Amayi, chidendene chisapitirire masentimita 5, ndipo chikhale chachikulu pansi.

Za bandi musakhutire ndi mawu akuti "kuli nyimbo usiku uliwonse". Woimba piyano payekha ndi nyimbonso, koma amathamanga ndi kuchedwa mmene mtima wake wafunira. Ovina amafuna ng'oma yosasintha: waltz mabala 28 mpaka 30 pa mphindi, cha-cha cha m'ma 30, rumba yochedwerapo. Uzani mwana wanu wogula tikitiyo apemphe pepala la ndondomeko ya tsiku ndi tsiku la ulendo wapitawo wa sitima yomweyo. Pamenepo mudzaona ngati dansi ili ndi nthawi yakeyake, kapena ndi timphindi tochepa anthu asanakadye. Muwerengenso masiku amene sitima ikhala panyanja osaima padoko. Maphunziro a dansi amachitika masiku amenewo. Ulendo woima padoko tsiku lililonse, agogo amabwera atatopa ndi kuyenda, 9 koloko bwalo lazizira.

Sitima zochepetsetsa ndiye musayembekezere kanthu. Zambiri za pa mitsinje ya Rhine ndi Danube ku Ulaya ndi zopapatiza, mamita osakwana 12 m'lifupi kuti zikwane pa zipata za madzi, ndipo chipinda chochezera ndi chimodzi. Zopita ku Antarctica anthu amakaona madzi oundana ndi mbalame, amagona msanga. Zambezi Queen ya pa mtsinje wa Chobe imanyamula alendo 28, ndipo iwo amafuna njovu.

Ndibwere kwa inu achimwene a pa Dyeratu, pa Nchalo ndi pa Ngabu amene mukutumizirana za "dance host". Popeza pa sitima za achikulire amayi amachuluka kuposa abambo, ambiri amasiye kapena amuna awo savina, makampani ena amatenga anthu oti azivina ndi alendo oyenda okha. Izi n'zoona. Koma kawirikawiri si ntchito ya malipiro. Amapatsidwa chipinda chogona awiri ndi chakudya, ndipo nthawi zambiri iwo ndiwo amalipira kandalama tsiku lililonse ku kampani yowapezera malo, kuwonjezera pa masuti a usiku ogula okha. Amafuna munthu wamkulu, kawirikawiri wopitirira zaka 40, wodziwa bwino waltz, foxtrot, rumba, cha-cha ndi swing, ndipo amamuyesa kaye. Avine ndi aliyense mosakondera, ndipo chibwenzi ndi mlendo n'choletsedwa. Wogwidwa amam'tsitsa padoko lotsatira. Mwachidule, ndi tchuthi chotchipa cha bambo wa penshoni ya mapaundi. Ntchito za malipiro zilipo, za aphunzitsi a dansi ndi ovina pa siteji, koma zimadzera m'mayeso ovina, ndipo zimafuna pasipoti, chikalata cha dokotala ndi satifiketi ya chitetezo cha panyanja yotchedwa STCW. Pangano la maiko la ogwira ntchito panyanja la 2006 limaletsa kampani yolemba anthu kulipiritsa munthu kuti im'pezere ntchito. Ndiye wina akakuuzani kuti tumizani ndalama pafoni kuti dzina lanu lilowe, mbuzi zanu musagulitse.

Kwa amayi ndi abambo athu a mpingo, ndikudziwa chimene chikukuvutani: kugwirana ndi mkazi wa mwini pagulu. Mwambo wa pabwalo uli ndi malire akenso. Dzanja la bambo limakhala pa fupa la phewa la mayi, osati m'chiuno. Umapempha mwaulemu, kuvina nyimbo imodzi kapena ziwiri, kuthokoza, n'kumuperekeza pampando wake. Kukana n'kololedwa. Ndipo pogwira munthu wachikulire musamukoke. Ambiri anachitidwa opaleshoni ya chiuno kapena bondo ndipo sangakuuzeni. Amene sakufuna kuvina ndi wachilendo avine ndi mkazi wake yekha, palibe adzamufunse.

Kukonzekera kuyambire konkuno, miyezi itatu ulendo usanafike. Pemphani holo ya sukulu kapena ya tchalitchi, jambulani ndi choko bwalo lozungulira la mamita 5, muikemo mipando iwiri ngati nsanamira, ndipo muziyeserera osatulukamo. Simenti yopaka polishi imaterera kuposa matabwa, yosapaka imadya nsapato ndi maondo, choncho mphindi 30 zakwana. Muzichita m'mamawa, poti mu Okutobala kuno dzuwa likangokwera tafika kale madigiri 40. Opita ku Southampton ayambe msanga za viza ya UK, aonenso kuti pasipoti yatsala ndi miyezi yoposa 6, ndipo woyenda yekha adziwe kuti nthawi zambiri chipinda amachilipira pafupifupi mtengo wa anthu awiri. M'chikwama muikemo juzi kapena shawelo. Zipinda za m'sitima amaziziziritsa ndi makina usana ndi usiku, ndipo munthu wa kuchigwa akatuluka thukuta pabwalo n'kukhala pansi pa mphepoyo, mawa lake ndi chimfine.