Thirakitala ya ku Mkushi ndi khasu la ku Chiradzulu

Amalawi akapita ku Zambia amabwerako akusimba za ku Mkushi ndi ku Chisamba: minda yosaoneka pothera, mathirakitala, mipope yothirira yomazungulira yokha. Kenako amadandaula kuti nanga ife bwanji tikadali pa khasu.

Yankho lili pa kukula kwa dziko. Mayiko awiriwa ali ndi anthu pafupifupi 20 miliyoni lililonse, koma Zambia ndi yaikulu kuposa Malawi ka 6. Kumeneko chosowa ndi manja, kuno ndi malo. Akatswiri a zachuma anayamba kalekale kuwerengetsa momwe chinthu china chimalowera m'malo mwa chinzake popanga katundu. Charles Cobb ndi Paul Douglas anachita zimenezi mu 1928 poona antchito ndi makina m'mafakitale a ku America. Pa ulimi, Yujiro Hayami ndi Vernon Ruttan anaonetsa kuti America, poti inali ndi malo ambiri, inatsata makina, pomwe Japan, ya minda ing'onoing'ono, inatsata mbewu zabwino ndi feteleza.

Ife tili mbali ya Japan. Thirakitala imapeputsa ntchito ya manja, koma sikuza munda. Mlimi wa ku Chiradzulu wa ekala imodzi mukamupatsa thirakitala, idzagaula munda wonse dzuwa lisanakwere, ana ake ndi aganyu n'kukhala manja lende, matumba a chimanga n'kukhala omwe aja. Chomwe chimalowa m'malo mwa malo ndi feteleza, ndipo pamenepa makuponi a Bingu wa Mutharika a 2005 analondola njira. Zambia nayo inayamba pologalamu yake ya feteleza wotsika mtengo mu 2002, chifukwa si Zambia yonse yomwe ili ngati Mkushi. Pitani ku Chipata kapena ku Lundazi, mukapeza khasu lomweli ndi pulawo ya ng'ombe.

Koma feteleza ali ndi polekezera, ndipo apa ndiye pomwe mayiko onse awiri amagontha m'kutu. Katswiri wina wa zachuma, Robert Solow, anafotokoza mu 1956 kuti ukamangowonjezera chinthu chimodzi, phindu lake limanka licheperachepera. Thumba loyamba la yureya limasintha munda. Lachitatu, pa nthaka yoguga yosathiridwa manyowa, yopaliridwa mochedwa, mvula itadula mu Januwale, ndi ndalama yongotaya. Chilala cha 2024 chinapsereza chimanga mbali zonse za malire, ndipo madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, ngakhale othirira ndi magetsi aja anaona zakuda.

Ine chomwe ndimasirira ku Mkushi ndi tirigu wobiriwira mu Julaye, pomwe minda yathu ili gwaa kudikira dzinja. Ekala yokololedwa kawiri pachaka yasanduka maekala awiri popanda kulanda malo a munthu. Madziwo tili nawo, m'nyanja ndi mu Shire, ndipo ngalande yomwe ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira kutsikira ku Chikwawa ndikuyiyembekezera kuposa mathirakitala onse amene andale amalonjeza pa misonkhano.