Shuga wa mu tende ndi shuga ndithu

Amalume anga a ku Ngabu anawapeza ndi matenda a shuga kalekale, ndipo tiyi amamwa wosathira kanthu. Loweruka lapitali ndinawapeza pamthunzi wa nimu akudya tende, zipatso zouma za kanjedza zija zimachokera ku Egypt ndi Saudi Arabia. Paketi inali itafika pakati.

Ndinafunsa kuti, "Malume, kodi zimenezi kuchipatala anakulolani?"

Iwo anati, "Mphwanga, wogulitsa anandiuza kuti shuga wake ndi wachilengedwe, sapweteka munthu."

Mawu amenewa akundiwawabe mpaka lero. Ife a kuchigwa kuno ndiye sitiyenera kunamizidwa chonchi, chifukwa nzimbe za ku Nchalo timaziona ndi maso tsiku ndi tsiku. Shuga amene amalume anasiya kuthira mu tiyi uja anamera m'munda, anamwa madzi a mu Shire, nayenso ndi wachilengedwe. Akalowa m'magazi, thupi silifunsa kuti wachokera ku nzimbe kapena ku kanjedza.

Tende zouma zolemera magalamu 100 zimakhala ndi shuga wopitirira magalamu 60. Mango akupsa olemera chimodzimodzi ali ndi shuga wa magalamu pafupifupi 14, nthochi 12. Kusiyanaku kumabwera chifukwa chipatso chikamauma madzi amachoka koma shuga amatsalira momwemo, monga momwe masau oyanika amatsekemerera kuposa aawisi. Tende imodzi yaikulu ya mtundu wa Medjool imakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 16, omwe ndi masupuni anayi a tiyi. Munthu akadya zisanu ali pa macheza, wameza masupuni 20. Kodi amalume akanalola kuthira masupuni 20 m'kapu mwawo? Akanakana ndi mtima wonse. Koma poti zabwera ngati chipatso, anangodya mosaopa.

Sindikunyoza tende ayi, ndimazikonda ndipo ndi chakudya chabwino. Zili ndi potaziyamu komanso fiber yemwe amachedwetsako shuga kulowa m'magazi, n'chifukwa chake zimaposa maswiti ndi zakumwa zotsekemera. Abale athu Asilamu amamasulira nazo kusala kudya pa Ramadan dzuwa likalowa, chifukwa zimabwezera mphamvu msanga munthu akakhala tsiku lonse osadya, makamaka ndi kutentha kwa kuno. Koma aonetsetseni bwino: ambiri amadya ziwiri kapena zitatu, n'kumwera madzi.

Amene ndikulimbana nawo ndi ogulitsa omwe amauza odwala kuti adye mmene angathere. Gulitsani malonda anu, koma nenani zoona, chifukwa amene adzavutike ndi mabala osapola kumapazi kapena maso osaona bwino si inu.

Paketi ija ndinawapempha amalume kuti aisunge kaye. Tsiku lawo lokayezetsa likafika tidzapita nayo limodzi kuchipatala, adokotala akatiuze ngati angamadyeko imodzi.