Ena Anachita Kulandidwa, Inu Mukutaya Nokha

Ana inu, tcherani khutu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndakuonani mukuseka agogo anu akamasankha mbewu n'kuzisunga zodzabzala chaka chamawa. Mukuti n'zachikale, zakudya zake n'zaumphawi. Inu zanu ndi zam'mapaketi, zoyera mbee, zotsekemera. Kenako mukhala masiku atatu osapita kuchimbudzi, mimba ili ndwii, mukusaka mankhwala a kudzimbidwa. Manyazi mulibe?

Kafunseni a Pima, mtundu wa anthu a ku Arizona m'dziko la America. Anthu amenewa ankalima chimanga, nyemba ndi maungu pothirira ndi madzi a mtsinje wa Gila. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, atsamunda anapatutsa madziwo kumtunda, minda n'kuuma. Njala itavuta, anayamba kudalira chakudya cha boma: ufa woyera wa tirigu, shuga ndi mafuta a nkhumba. Kafukufuku wina wa mu 2006 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse, 38 anali ndi matenda a shuga. Abale awo a kumapiri a ku Mexico, magazi amodzimodzi koma akulimabe ndi kudya zamakolo, odwala anali ngati 7 okha. A ku Arizona aja sanafune, anachita kulandidwa madzi. Nanga inu wakulandani ndani?

M'matumbo mwanumo muli tizilombo tabwino tosawerengeka, ndipo nato timafuna kudya. Chakudya chake ndi gaga yemwe mukukonola uja, khungu la nyemba, masamba, mizu ndi zipatso. Tizilomboti tikadya zimenezi timatulutsa zinthu zodyetsa ndi kulimbitsa khoma la matumbo. Mukatimana, mitundu ina imatha, ina imayamba kudya chinanda choteteza matumbowo. A Hadza a ku Tanzania, amene amadya zakutchire, ali ndi mitundu yambiri ya tizilomboti kuposa anthu a m'mizinda ikuluikulu. Alibe sitolo, komatu mimba zawo n'zolemera kuposa zanu.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mbewu. Kukoma kwa chakudya mukhoza kukuzoloweranso, koma mbewu ikatha m'mudzi yatha basi, simungaiumbe. Mukatero chaka chilichonse mudzakhala pamzere, chipewa m'manja, kudikira wogulitsa kuti akuuzeni chobzala ndi mtengo wake. Tsiku limene galimoto yake sidzafika, mudzabzala mapaketi?

Agogowo akadali moyo, pitani mukakhale pansi. Akuonetseni ngala yoyenera kusunga, poiyanika, ndi momwe amaitetezera kwa anankafumbwe. Mupite ndi ana anu omwe.