Maganizo anga: remix za masiku ano sizifika pa za Pete Rock

Abale anga okonda hip-hop, lero ndabwera ndi nkhani yoyambanitsa. Wofuna kunditukwana anditukwane, koma ayambe wawerenga kaye mpaka kumunsi.

Woyimba wa masiku ano akalengeza kuti Lachisanu kutuluka remix, timadziwiratu chomwe chikubwera. Biti ndi yomwe ija, kolasi ndi yomwe ija. Amangochotsa vesi yachiwiri n'kulowetsapo mnzake wotchuka, yemwe wajambulira gawo lake ku situdiyo ina n'kulitumiza pa imelo. Mwina awiriwo sanaonanepo n'komwe. Sindikuti zonse n'zoipa, zina zimavinika ndithu. Koma amene makutu ake anakulira pa nyimbo za pakati pa 1987 ndi 1997 akudziwa kuti remix inali ntchito ina. Munthu ankagwetsa nyumba yonse, kungosiya mwini wake ataima pabwalo, kenako n'kumumangira ina momuzungulira. Liwu la rapper lomwelo, koma pansi pake zonse zatsopano.

Tengani "Shut 'Em Down" ya Public Enemy, ya mu 1991. Pa chimbale chawo nyimboyi ndi yolimba, yolemera, yaukali monga tinkawadziwira anyamata a Chuck D, mtsogoleri wa gululi. Uthenga wake ndi wodzudzula makampani odya ndalama za anthu akuda popanda kubwezapo kanthu m'madera mwawo. Ndiye anaipereka kwa mnyamata wa ku Mount Vernon, pafupi ndi Bronx, wa zaka 21 zokha, Pete Rock. Iye anachotsa phokoso lonse lija. Anaika malipenga omveka ngati akulira patali, besi yoyenda mosathamanga, ng'oma zouma zogunda pachifuwa, ndi kaliwu kake kovomera chapansipansi kumbuyo kwa Chuck D. Anawonjezeraponso kavesi kake kakafupi. Chodabwitsa n'chakuti ukali wa mawu sunachepe, unachita kumveka bwino kuposa kale. Poyamba Chuck D ankamveka ngati akukalipa pakati pa chipwirikiti. Pa remix akumveka ngati munthu amene wakhala pansi, waganiza, ndipo akukuuza modekha kuti sitolo yako aitseka. Kwa ine apa ndi pamene pagona kukoma kwa remix zakale: umamva mawu omwe unkawadziwa kale pamtima, koma umawamva ngati n'koyamba, ndipo umazindikira kuti wopanga biti nayenso ndi mlembi wa nyimbo.

Ndipo onani chida chomwe ankagwiritsa ntchito. SP-1200, makina a kampani ya E-mu omwe anatuluka mu 1987, ankasunga mawu a masekondi 10 basi. Masekondi 10, amwene! Foni yomwe mukuwerengerapo iyi ikhoza kusunga zimbale zonse za Pete Rock n'kutsala ndi malo a zithunzi za ukwati. Pofuna kuti zambiri zikwanemo, anyamatawo ankaliza mbale mothamanga kuposa liwiro lake, kujambula kachidutswako, kenako n'kukachedwetsa m'makinamo. Pochedwetsapo mawu ankatuluka okhakhala, a fumbifumbi, ndipo kukhakhala kumeneko ndiye kumene ife timati kukoma. Lero anthu amagula mapulogalamu apakompyuta oti awabweretsere litsiro lomwe kale linkabwera lokha chifukwa cha kuperewera kwa makina.

Mu 2002 kampani ya Bad Boy inatulutsa chimbale chomwe mutu wake unkadzitama kuti remix anayambitsa ndi iwo. Bodza lamkunkhuniza. Mwambowu ndi wa ku Jamaica, kumene akatswiri onga King Tubby ku Kingston ankatenga nyimbo yojambulidwa kale, kutsitsa mawu a woyimba, kukweza besi ndi ng'oma, n'kuika zimenezo kuseri kwa mbale kuti DJ aziyankhulirapo ku dansi. Kool Herc, yemwe phwando lake la pa 11 August 1973 ku Sedgwick Avenue ku Bronx limatengedwa ngati chiyambi cha hip-hop, anabadwira ku Kingston komweko. Pete Rock nayenso makolo ake ndi a ku Jamaica, ndipo anakulira pa mulu wa mbale za bambo ake. Mtsinje wake ndi umenewo.

Ngakhale kutsidya kwa nyanja anali atayamba kale. Mu 1987 anyamata awiri a ku London otchedwa Coldcut anatenga "Paid in Full" ya Eric B. ndi Rakim n'kuitambasula kufika mphindi 7. Anasokereramo tizidutswa tosiyanasiyana, kuphatikizapo liwu la Ofra Haza, mayi wa ku Israel wa makolo ochokera ku Yemen. Ndani akanaganiza kuti Rakim angagwirizane ndi nyimbo yotere? Koma inagwira, ndipo ku Britain inalowa m'gulu la nyimbo 20 zapamwamba.

Komabe chilungamo chiyende, Bad Boy anaidziwa ntchitoyi. "One More Chance" ya Notorious B.I.G. (Biggie) yomwe ili pa chimbale cha 1994 ndi yothamanga, yotukwana zoti sungalize pamaso pa apongozi. Remix ya 1995 ndi nyimbo ina kotheratu: anatenga kayimbidwe kofewa ka gulu la DeBarge, Faith Evans n'kuyimba kolasi, ndipo Biggie analembanso mavesi atsopano. Inafika pa nambala 2 pa Billboard, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America. Ambiri a ife kuno tinayamba kuidziwa imeneyi, chifukwa ndi yomwe inali ndi vidiyo komanso yomwe ma DJ ankaliza. Munthu ukapeza kaseti ya chimbale chenichenicho unkadabwa, n'kumaganiza kuti wogulitsa wakupatsa yolakwika. Chimodzimodzi "All I Need" ya Method Man. Pa chimbale chake cha 1994 ndi nyimbo yamdima, yachikondi koma yomveka ngati yajambulidwira m'chipinda chapansi. Atailowetsa Mary J. Blige akuyimba mawu ochokera m'nyimbo yakale ya Marvin Gaye ndi Tammi Terrell, inasanduka ya pa ukwati, mpaka inapata mphoto ya Grammy mu 1996.

Ndikudziwa ena mwakonzeka kale kundifunsa za "Flava in Ya Ear" ya Craig Mack. Eya, pamenepo mwandigwira pang'ono. Remix yake ya 1994 sinasinthe biti ya Easy Mo Bee, inangobweretsa alendo: Biggie, Rampage, LL Cool J ndi Busta Rhymes. Tinganene kuti ndiyo gogo wa zomwe ndikudandaulazi. Koma imvereni bwino. Palibe mlendo amene wabwera kudzangosaina dzina. Aliyense walemba podziwa kuti mnzake akufuna kumuposa, ngakhale mwini nyimbo analemba vesi yatsopano. Biggie anatsegula ndi vesi yoopsa moti Craig Mack, pa nyimbo yakeyake, anasanduka ngati wobwera. Zimbale za awiriwa zinatuluka motsatizana mu September chaka chomwecho, ndipo tonse tikudziwa chomwe dziko linasankha. Kuitana anzako pa remix nthawi imeneyo kunali kuika mutu pa ngozi. Lero zili ngati kubwerekana otsatira pa Instagram.

N'chiyani chinasintha? Ine sindikhulupirira zoti ana a lero alibe luso, amenewo ndi madandaulo a ukalamba chabe. Chinasintha ndi njira ya ndalama. Mu 1991 khoti la ku New York linagamula mlandu womwe Gilbert O'Sullivan anasumira Biz Markie chifukwa chotenga kachidutswa ka nyimbo yake popanda chilolezo. Kuyambira pamenepo makampani anayamba kuopa, kachidutswa kalikonse kankafunika chilolezo ndi malipiro. Biti yachiwiri ya nyimbo imodzi ndiye kuti maloya kawiri, ndalama kawiri. Kenako mbale zazikulu za mainchesi 12 zija zinayamba kusowa. Zimenezi ndi zomwe zinkanyamula remix, biti yopanda mawu, ndi mawu opanda biti, zonse pamodzi, zopangidwira DJ. DJ ndiye anali kasitomala, ndipo ankafuna chinthu chomwe mnzake wa ku kalabu ina alibe. Lero kasitomala ndi mndandanda. Billboard imawerengera pamodzi nyimbo ndi remix zake ngati zikufanana, choncho nzeru ya malonda ndi yosasintha biti, kungosintha mlendo kuti nyimbo isatsike. "Old Town Road" ya Lil Nas X inakhala pamwamba masabata 19 mu 2019, remix zikungotuluka ina pambuyo pa inzake. Mnyamatayo anachenjera, sindikumunyoza. Koma imeneyo ndi masamu.

Chomwe chimandipatsa chiyembekezo ndi nkhani ya 9th Wonder wa ku North Carolina. Mu 2003 anatenga mawu a Nas a pa chimbale cha "God's Son" n'kuwapangira mabiti ake onse, popanda womutuma. Ankagwiritsa ntchito Fruity Loops, yomwe lero timati FL Studio, pulogalamu yomweyi ili m'malaputopu a anyamata athu ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi. Chaka chomwecho anapezeka atapanga biti imodzi pa "The Black Album" ya Jay-Z. Jay-Z uja anatulutsanso mawu okhaokha a chimbale chimenecho, ndipo mu 2004 Danger Mouse anawasakaniza ndi nyimbo za The Beatles. Eni nyimbo za The Beatles analetsa, koma intaneti inali itagawana kale, ndipo dzina la Danger Mouse linadziwika kuchokera pamenepo.

Ndiye oyimba athu, bwanji osatulutsako acapella, mawu opanda biti aja, ya nyimbo zanu zomwe zinavuta? Mukuopa chiyani? Pali kamnyamata kena kamene kali ndi laputopu yosweka sikirini, kakudziwa kugunda kwa manganje kapena besi ya babatoni, ndipo kangathe kuika vesi yanu ija pamalo pomwe inu simunaganizepo. Mwina remix yake iposa yanu. Zinamuchitikira Chuck D, ndipo mpaka lero anthu ambiri akati "Shut 'Em Down" amatanthauza ya Pete Rock.

Amene mukuti pali remix ya zaka khumi zapitazi yomwe inasintha biti n'kuposa nyimbo yoyamba, itchuleni, ndikaimvere usiku uno. Koma musanditumizire yomwe angowonjezerapo vesi ya Drake.