Mawu a ku jimu asakuopseni, ofunika ndi ochepa

Pali khalidwe lina ku jimu limene limandinyansa. Munthu wangoyamba kumene kunyamula zitsulo, akafunsa kanthu, akatakwe amamuthira mawu ngati superset, drop set ndi RPE mpaka iye kuchita manyazi, osafunsanso. Chonsecho woyamba kumene alibe nawo ntchito mawu onsewo.

Ayambe ndi repu ndi seti. Repu ndi ulendo umodzi wathunthu: pa squat, kutsika monyonyomala n'kudzukanso. Seti ndi marepu angapo ochitidwa motsatizana musanapume. Mukaona palembedwa 3x10, ndiye kuti maseti 3, iliyonse ya marepu 10. Kachitidwe kameneka si kadzulo ayi. Anakatchukitsa ndi Thomas DeLorme, dokotala wa asilikali a ku America, m'zaka za m'ma 1940, pothandiza ovulala kuti minofu yawo ipezenso mphamvu.

Kenako pali 1RM, kulemera kumene mungakwanitse kunyamula kamodzi kokha, kachiwiri n'kukanika. Mapulogalamu ambiri onyamulira zitsulo amawerengera kuchokera pamenepo. Ngati 1RM yanu pa bench press (kukankhira chitsulo m'mwamba mutagona chagada pabenchi) ndi makilogalamu 60, pulogalamu n'kunena kuti 75%, munyamule 45. Ofuna mphamvu zenizeni amakonda marepu 1 mpaka 5 ndi zitsulo zolemera, n'kumapuma mphindi zitatu kapena kuposa. Ofuna kukulitsa minofu nthawi zambiri amakhala pa marepu 6 mpaka 12. Ndipo chonde, chitsulo chachitali chija chimene mumalowetsako mapuleti (zitsulo zozungulira zija) muzichiwerengera. Cha Olympic cha amuna chimalemera makilogalamu 20 pachokha, cha akazi 15. Komanso 1RM ya bench press si yoyesa muli nokha. Pakhale spotter, mnzanu woima kumutu kwanu, manja ali chire, kuti chitsulo chikakukanikani chisakutsamireni pachifuwa.

Koma kwa ine mawu aakulu kuposa onsewa ndi progressive overload. Thupi limazolowera. Mukamanyamula zomwezo, marepu omwewo, mwezi ndi mwezi, minofu siona chifukwa chokulira. Muyenera kumaonjezera pang'onopang'ono: repu imodzi lero, makilogalamu 2.5 sabata yamawa, kapena seti ina pamwamba. Nanga mudziwa bwanji kuti mwaonjezera ngati simulemba? N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti anthu adziwe marepu ndi maseti. Si zodzitamira, ndi zolembera m'kabuku kapena mufoni: squat, 40 kg, 3x8. Mzere umodziwo ndi umene udzakuuzeni zochita ulendo wotsatira. Ambiri amene amadandaula kuti chaka chatha thupi silikusintha, mukawafunsa zimene ananyamula sabata yatha, amangokanda mutu.

Omaliza ndi DOMS, kuphwanya kwa minofu kumene kumafika povuta pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu, kuja mumatsika masitepe mutagwira khoma. Ena amakutenga ngati umboni woti agwira ntchito. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa kumachepa thupi likazolowera, pamene mphamvu zikupitirirabe kukwera. Kusakugonekeni sabata yonse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kulimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata. Koma ululu wobaya m'bondo, paphewa kapena kumsana muli mkati monyamula, umenewo si DOMS. Tulani chitsulo pansi, ukapitirira mukaonane ndi dokotala.