Nafenso kuno tinaziona izi

Nkhani yanuyi mwangokamba za akhristu akuphedwa ku Nigeria ngati kuno ku Malawi sizinachitikepo. Ine ndili ku Nkhotakota, ndimapemphera Anglican koma za a Mboni za Yehova sindingazibise ayi. Boma linawaletsa mu 1967, mlandu wake kukana kugula khadi lachipani basi, ambiri anathawira ku Zambia ndi Mozambique ndipo chiletso chinadzachoka mu 1993. Agogo anga amatiuza za aneba awo ena a Mboni, anyamata anabwera usiku kuwaotchera nyumba ndi nkhokwe yomwe, mbuzi kutenga, koma bambo aja m'mawa kutacha anangosonkhanitsa ana awo pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kupemphera, osatukwana munthu olo m'modzi. Agogo ankawapatsira ufa ndi usipa mobisa, kuopa kuti nawonso angawanene.

Chimene chinawapiriritsa a Mboniwo ndikuona ngati n'kusatayana, amasonkhana usiku anthu ochepaochepa, Baibulo kulibisa mu denga laudzu. Nde ife lero abwana akangotiika pa shifiti Lamulungu tayamba kale kulira kuti tikuzunzidwa, koma abale inu.